Chifukwa Chake Nthambi Imapeza Likulu Mosavuta Pamene Likulu Limavutika Kupeza Nthambi

Anthu ambiri ogwira ntchito m'mabungwe amene ali ndi likulu mumzinda ndi nthambi m'maboma akutali anakumanapo ndi chodabwitsa ichi. Kalaliki wa kunthambi akayatsa kompyuta m'mawa amalowa mu seva ya kulikulu, kompyuta yaikulu yosunga ndi kugawa zinthu za bungwe, popanda chovuta, amatumiza malipoti n'kulandira mayankho, koma katswiri wa makompyuta amene ali kulikuluko akafuna kufikira purintala kapena kamera ya kunthambi yomweyo amapeza kuti njira palibe. Akapempha kalalikiyo kuti awerenge adiresi ya kompyuta yake amamva kuti ndi 192.168.1.10, ndipo akafunsa kunthambi ina imene ili kutali kwambiri amamvanso nambala yomweyo. Kuwonjezera apo, m'zolemba za seva, nthambi imene dzulo inkaoneka ndi adiresi ina lero ikuoneka ndi inanso, chonsecho palibe amene wakhudza chipangizo chilichonse.

Zinthu zitatu zonsezi zimakhudzana ndi njira imodzi imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti NAT, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti Network Address Translation, kutanthauza kusintha adiresi ya uthenga pamene ukudutsa pa chipata cha netiweki. Mtundu umodzi umene umagwiritsidwa ntchito polumikiza nthambi ndi likulu ndi uja wobwereketsa adiresi kwa kanthawi n'kuilandanso ntchito ikatha, umene umatchedwa dynamic NAT. Kuti timvetse chifukwa chake unayambika, tiyenera kuyamba ndi adiresi yeniyeniyo.

Adiresi ya IP ndi mmene inaperewera

Uthenga uliwonse woyenda pa intaneti umadulidwa m'timagawo totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula pamutu pake adiresi ya kumene yachokera ndi ya kumene ikupita, monga momwe envelopu imakhalira ndi keyala ya wolandira kutsogolo ndi ya wotumiza kumbuyo. Dongosolo la maadiresi limene anthu ambiri akugwiritsabe ntchito, lotchedwa IPv4, linalembedwa mu Seputembala 1981 m'chikalata cha RFC 791 (ma RFC ndi zikalata zofotokoza mmene intaneti iyenera kugwirira ntchito), chimene mkonzi wake anali Jon Postel, ndipo netiweki ya ARPANET ya ku America inasamukira ku dongosololi pa 1 Januwale 1983. Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32 (biti iliyonse imakhala 0 kapena 1), zimene zikutanthauza kuti maadiresi onse amene angakhalepo ndi 4,294,967,296. Pa nthawi imene makompyuta olumikizidwa anali a m'mayunivesite ndi m'malo ofufuzira zinthu basi, nambala imeneyi inkaoneka yosatha, moti mabungwe ena oyambirira ankapatsidwa chigawo cha maadiresi 16,777,216 bungwe limodzi.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinaonekeratu kuti nkhokwe idzatha. Inathadi pa 3 Febuluwale 2011, pamene bungwe la IANA, losunga nkhokwe yaikulu ya maadiresi, linagawa zigawo zisanu zomaliza, chimodzi ku bungwe lililonse mwa mabungwe asanu oyang'anira maadiresi m'zigawo za dziko lapansi. Bungwe la APNIC, la ku Asia ndi Pacific, linafika pa chigawo chake chomaliza mu Epulo 2011, la RIPE NCC la ku Ulaya mu Seputembala 2012, ndipo la ARIN la ku North America linatha maadiresi ake mu Seputembala 2015. Bungwe la AFRINIC, limene lili ku Mauritius ndipo ndi limene limapereka maadiresi ku makampani a intaneti a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, linali lomaliza kufika pamenepa: linayamba kugawa moumira mu 2017 ndipo linachepetsanso mlingo mu Januwale 2020.

Maadiresi a m'kati

Yankho loyamba linali kuvomereza kuti si kompyuta iliyonse imene ikufunika adiresi yodziwika pa dziko lonse. Chikalata cha RFC 1597 cha mu Malichi 1994, chimene chinalowedwa m'malo ndi RFC 1918 mu Febuluwale 1996, chinapatula zigawo zitatu zoti aliyense azigwiritsa ntchito m'kati mwa netiweki yake popanda kupempha kwa wina. Chigawo choyamba ndi cha maadiresi oyamba ndi 10, chimene chili ndi maadiresi 16,777,216; chachiwiri chimayambira pa 172.16 kulekeza pa 172.31 ndipo chili ndi 1,048,576. Chachitatu ndi cha oyamba ndi 192.168, chimene chili ndi 65,536.

Maadiresi amenewa ali ngati dzina lakuti Sitandade 5. Pa sukulu imodzi, mphunzitsi wamkulu akanena kuti pitani ku Sitandade 5, aliyense amadziwa khomo loti agogode, koma kalata yolembedwa Sitandade 5 yokha ikaponyedwa ku positi ofesi singapite kulikonse, chifukwa sukulu iliyonse ili ndi kalasi ya dzina limenelo. Chimodzimodzi marauta a pa intaneti, zipangizo zimene zimalondolera mapaketi kuchoka ku netiweki ina kupita ku ina, sanyamula paketi yopita ku adiresi ya m'kati. Nambala ya 192.168.1.10 imene makalaliki awiri aja anawerenga ikupezeka m'maofesi ndi m'nyumba zosawerengeka, ndipo imakhala ndi tanthauzo mumpanda mokhamo.

Kaundula wa pachipata

Ngati adiresi ya m'kati singatuluke kunja, ndiye kuti pachipata payenera kukhala wina woisintha. Ganizo limeneli linalembedwa mu RFC 1631 mu Meyi 1994 ndi Kjeld Egevang ndi Paul Francis, amene anaifotokoza njirayi ngati yongogwirizira kwa kanthawi podikira dongosolo latsopano la maadiresi. Chimodzi mwa zipangizo zoyamba kugulitsidwa zochita ntchitoyi chinali PIX, cha kampani yaing'ono ya Network Translation, imene kampani yopanga zipangizo za netiweki ya Cisco inagula mu 1995.

Amene anakulira kumudzi angakumbukire mmene makalata a mudzi wonse ankadzera m'bokosi limodzi la positi la sukulu kapena la mpingo. Ku positi ofesi ankadziwa nambala ya bokosi yokha, ndipo amene ankadziwa kuti kalata iyi ndi ya mayi wa kutsidya kwa dambo, iyi ndi ya mnyamata wa kuseri kwa chigayo, anali mphunzitsi wamkulu. Rauta ya kunthambi imachita ntchito ya mphunzitsiyo, koma popeza ilibe nzeru zodziwira anthu, imadalira kaundula amene imalemba yokha.

Pali njira zitatu zolembera kaundula ameneyu, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumasokoneza anthu ambiri. Njira yoyamba ndi yokhazikika, imene imatchedwa static NAT: katswiri amalemba ndi manja kuti kompyuta yakutiyakuti ya m'kati nthawi zonse izidziwika kunja ndi adiresi yakutiyakuti. Njirayi sipulumutsa adiresi ngakhale imodzi, koma ili ndi ubwino wakuti munthu wakunja akhoza kuyambitsa kulankhulana, chifukwa mzere wake mu kaundula suchoka.

Njira yachiwiri ndiyo yobwereketsa. Tiyerekeze kuti nthambi ili ndi makompyuta 30 koma yapatsidwa maadiresi akunja asanu okha, kuyambira 203.0.113.5 mpaka 203.0.113.9, ndipo seva ya kulikulu ili pa 198.51.100.20. Manambala amenewa ndi a m'zigawo zimene zinapatulidwa kuti zizigwiritsidwa ntchito pa zitsanzo, choncho saloza kwa munthu aliyense. M'mawa kaundula amakhala wopanda kanthu. Kalaliki wa pa 192.168.1.10 akatsegula pulogalamu ya malipoti, paketi yake yoyamba imafika pa rauta italembedwa kuti yachokera ku 192.168.1.10 ndipo ikupita ku 198.51.100.20. Rauta imayang'ana mu kaundula, imapeza kuti kompyutayi ilibe mzere, imatenga adiresi yoyamba imene ilibe mwini, 203.0.113.5, n'kulemba kuti kuyambira tsopano ziwirizi zikuimira chinthu chimodzi. Kenako imafufuta adiresi ya wotumiza pamutu pa paketi, imalembapo yatsopanoyo, imawerengeranso kanambala kotsimikizira kuti mutuwo sunawonongeke, n'kuitumiza. Seva imayankha ku 203.0.113.5 osadziwa n'komwe kuti kuseri kwake kuli adiresi ina, ndipo yankho likafika pachipata rauta imawerenga mzere uja chobwerera n'kulipereka kwa kalaliki. Mzerewo ukakhala nthawi yoikika osagwiritsidwa ntchito umafufutidwa, ndipo adiresi ija imabwerera m'nkhokwe kudikira wina. Zili ngati makadi a alendo amene mlonda amapereka pageti: wolowa amatenga khadi, wotuluka amalibweza, ndipo ngati makadi asanu onse ali m'manja mwa anthu, wachisanu ndi chimodzi amangoima panja. Kompyuta yachisanu ndi chimodzi ikafuna kutuluka maadiresi onse atagwidwa, mapaketi ake amangotayidwa, ndipo mwini wake amangoona kuti netiweki yavuta pamene anzake oyandikana naye akugwira ntchito bwinobwino.

Njira yachitatu inabwera kudzathetsa vuto limeneli, ndipo ndi imene ili m'rauta pafupifupi iliyonse masiku ano. Kuwonjezera pa adiresi, paketi ya TCP kapena ya UDP, njira ziwiri zodziwika kwambiri zotumizira uthenga pa intaneti, imanyamulanso nambala ina yotchedwa poti, imene imasiyanitsa zokambirana zosiyanasiyana za kompyuta imodzi. Poti ili ndi mabiti 16, kutanthauza manambala 65,536. M'malo mobwereketsa adiresi yonse, rauta imabwereketsa poti imodzi ya adiresi imodzi. Ngati kompyuta ya 192.168.1.10 ndi ya 192.168.1.11 zonse zikulankhula ndi seva kuchokera pa poti 51000, rauta ikhoza kulemba yoyamba ngati 203.0.113.5 poti 40001 ndi yachiwiri ngati 203.0.113.5 poti 40002, ndipo mayankho akabwera imawasiyanitsa poyang'ana poti. Zikalata za RFC 2663 cha mu 1999 ndi RFC 3022 cha mu 2001 zimaitchula njirayi kuti NAPT, a Cisco amati PAT kapena overload, ndipo ogwiritsa ntchito Linux amati masquerade. Mayinawa ndi ambiri koma chinthu chake n'chimodzi.

Adiresi yobwereka ya nthambi yonse

Pali chinthu chachiwiri chimene chimasinthasintha, ndipo n'chofunika kuchisiyanitsa ndi mizere ya mu kaundula. Chinthucho ndi adiresi yakunja ya rauta yeniyeniyo.

M'zaka za m'ma 1990 nthambi zambiri za makampani ku Ulaya ndi ku America sizinkakhala zolumikizidwa tsiku lonse. Zinkaimba ku likulu kudzera pa mzere wa telefoni kapena wa ISDN, umene unkapereka njira ziwiri za makilobiti 64 pa sekondi iliyonse, ndipo ndalama zinkalipidwa molingana ndi mphindi. Rauta inkaimba ikaona paketi yopita kulikulu, n'kudula ikaona kuti papita nthawi popanda uthenga. Kulikulu kunkakhala chipangizo cholandira mafoni amenewa, ndipo polankhulana ankagwiritsa ntchito dongosolo la PPP, limene lili ndi gawo lotchedwa IPCP, lolembedwa mu RFC 1332 mu 1992, lolola woimba kupempha adiresi kwa woimbiridwa. Gawoli linkathandiza kwambiri munthu mmodzi woimba ndi kompyuta imodzi. Nzeru inali yakuti rauta ya nthambi iziimba ngati kuti ndi munthu mmodzi, ilandire adiresi imodzi, kenako ibise makompyuta onse a nthambi kuseri kwa adiresi imeneyo pogwiritsa ntchito mapoti. Cisco inatchula kaphatikizidwe kameneka kuti Easy IP.

Phindu lake kwa a kulikulu linali lalikulu pa mbali ziwiri. Bungwe la nthambi 200, mwachitsanzo, limene nthambi zake zoimba nthawi imodzi sizipitirira 30, linkangofunika nkhokwe ya maadiresi 30. Komanso marauta a kulikulu sankafunika kuuzidwa njira yopita ku netiweki ya m'kati ya nthambi iliyonse, chifukwa kwa iwo nthambi yonse inkaoneka ngati kompyuta imodzi imene yangofika kumene. Nthambi yatsopano inkatha kutsegulidwa popanda kusintha chilichonse kulikulu kupatula kulemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi.

Mizere ya ISDN inatha ntchito m'maiko ambiri, koma kachitidweka sikanasinthe. Rauta ya simu khadi, ya faiba kapena ya setilaiti imalandirabe adiresi yobwereka kuchokera ku kampani ya intaneti, kudzera mu PPP kapena DHCP, dongosolo lina logawira maadiresi, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso ikhoza kulandira ina. N'chifukwa chake nthambi ija inkaoneka ndi nkhope ina tsiku lililonse m'zolemba za seva.

Woyamba kulankhula ndani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mzere wa mu kaundula umalembedwa pokhapokha paketi ikatuluka kuchokera m'kati. Katswiri wa kulikulu akatumiza paketi ku 203.0.113.5 pofuna purintala, rauta ya nthambi imayang'ana mu kaundula, sipezamo mzere wogwirizana ndi paketiyo, ndipo popeza singadziwe kuti mwa zipangizo 30 mwini wake ndi uti, imaitaya. Mphunzitsi wamkulu uja akanafunsa ana a sukulu kuti kodi munthuyu akumudziwa ndani, koma rauta ilibe wofunsa.

Komanso mzere ukalembedwa sukhala mpaka kalekale, ndipo utali wa moyo wake wakhala nkhani yovuta. Chikalata cha RFC 4787 cha mu 2007 chimati mzere wa UDP usafufutidwe mphindi 2 zisanathe ndipo chimalimbikitsa mphindi 5 kapena kuposerapo, pamene RFC 5382 cha mu 2008 chimati mzere wa TCP umene wakhazikika usafufutidwe asanathe maola 2 ndi mphindi 4. Si zipangizo zonse zimene zimatsatira malangizowa, ndipo zina zimafufuta msanga kuti zisadzaze kaundula. Kalaliki amene wasiya pulogalamu yotsegula n'kupita ku nkhomaliro akabwerako n'kupeza itauma, nthawi zambiri wakumana ndi zimenezi: kompyuta yake ndi seva zonse zikuganiza kuti zikulankhulabe, koma mzere wa pachipata unafufutidwa kalekale.

Mapulogalamu ena amavutika pa chifukwa china. Dongosolo lakale lotumizira mafayilo la FTP, ndiponso la SIP limene limayendetsa mafoni a pa intaneti, amalemba adiresi ya kompyuta m'kati mwa uthenga weniweniwo, monga munthu wolemba m'kalata kuti mundiyankhe ku Sitandade 5. Rauta ikasintha envelopu yokha, wolandira amayankha ku adiresi imene kulibe, ndipo zotsatira zake ndi foni imene mbali imodzi ikumva koma inayo sikumva. Marauta ena amatsegula uthengawo n'kukonza adiresi ya m'katimo, koma zimenezi sizitheka ngati uthenga wabisidwa ndi makiyi.

Njira yakale yotsegulira khomo kwa wakunja ndi kulemba mzere wokhazikika wonena kuti chilichonse chofika pa poti yakutiyakuti chizipita ku kamera, n'kuwonjezera dongosolo la dynamic DNS, limene limasintha adiresi yogwirizana ndi dzina la nthambi nthawi iliyonse rauta ikalandira ina. Njirayi imagwira ntchito, ngakhale kuti khomo lotsegulira a kulikulu limakhalanso lotsegukira wina aliyense pa intaneti.

Tanelo

Mabungwe ambiri masiku ano amathetsa vutoli potembenuza funso. M'malo moti likulu lifunefune nthambi, rauta ya nthambi imayamba ndiyo kulankhula ndi rauta ya kulikulu, imene ili ndi adiresi yokhazikika, ndipo ziwirizi zimakhazikitsa njira yotchedwa tanelo kapena VPN. Paketi yonse ya m'kati, pamodzi ndi maadiresi ake a m'kati, imabisidwa ndi makiyi n'kuikidwa m'paketi ina yokhala ndi maadiresi akunja, monga envelopu yomata imene yaikidwa m'envelopu inzake. NAT imasintha ya kunja yokha. Tanelo ikangotseguka mapaketi amayenda mbali zonse ziwiri, ndipo katswiri wa kulikulu amaifikira purintala ija ngati kuti ili m'chipinda choyandikana naye. Popeza adiresi ya nthambi imasintha, likulu siliizindikira nthambi poyang'ana adiresi koma poyang'ana kiyi kapena satifiketi imene yaonetsa.

Poyamba IPsec, limene ndi dongosolo lotchuka lomangira matanelo, silinkagwirizana ndi NAT. Gawo lake lina, AH, limadinda chidindo pa maadiresi a pamutu, moti adiresi ikangosinthidwa wolandira amaikana paketi ngati yachinyengo. Gawo lina, ESP, lilibe poti, choncho rauta yogawa mapoti imasowa cholemba mu kaundula. Yankho linatuluka mu Januwale 2005 m'zikalata za RFC 3947 ndi RFC 3948. Mbali ziwirizi zikayamba kukambirana pa poti 500 ya UDP zimayesa ngati pali wina pakati amene wasintha maadiresi, ndipo zikapeza kuti alipo zimasamukira pa poti 4500 n'kukulunga paketi ya ESP m'paketi ya UDP, kuti rauta ipeze poti yolemba.

Patsala vuto la mzere wofufutika, ndipo mankhwala ake amafanana ndi kuflasha. Rauta ya nthambi imatumiza kapaketi kopanda uthenga, ka baiti imodzi yokha, kamene ntchito yake ndi kungokumbutsa wa pachipata kuti mzerewu ukadali ndi mwini, ndipo RFC 3948 imaika masekondi 20 ngati mlingo woyambira. WireGuard, dongosolo latsopano lolembedwa ndi Jason Donenfeld limene linalowa mu Linux 5.6 mu Malichi 2020, limachitanso chimodzimodzi, ndipo ambiri amaliikira masekondi 25. Pa netiweki ya nthambi zambiri, njira ngati DMVPN ya Cisco imachititsa kuti nthambi iliyonse ikayaka ilembetse kulikulu adiresi imene ili nayo lero, kuti nthambi ziwiri zofuna kulankhulana mwachindunji zifunse kumeneko. Ngati zonse ziwiri zili kuseri kwa NAT yokhwima, kulankhulana kwachindunjiko kumakanika kawirikawiri, ndipo uthenga umadzerabe kulikulu.

Nthambi ziwiri za nambala imodzi

Tanelo imavumbula vuto limene NAT inkabisa. Ngati nthambi ziwiri zonse zikugwiritsa ntchito maadiresi oyamba ndi 192.168.1, monga zimakhalira marauta akangochotsedwa m'katoni n'kulumikizidwa osasintha kanthu, likulu limalandira mapaketi awiri ochokera ku 192.168.1.10 ndipo silidziwa tanelo yoti libwezere yankho. Zimenezi zimachitikanso makampani awiri akaphatikizana n'kupeza kuti onse anasankha maadiresi oyamba ndi 10.

Pali njira ziwiri. Ina ndi kusintha manambala a nthambi imodzi, ntchito imene imafuna kuyendera purintala, kamera ndi chipangizo chilichonse chimene adiresi yake inalembedwa ndi manja. Ina ndi kuikanso NAT pakhomo la tanelo, kuti nthambi yoyamba izioneka kulikulu ngati 10.1.1 ndipo yachiwiri ngati 10.1.2. Ngati nthambi ikufanana manambala ndi likulu lenilenilo, pamafunika kusintha adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira yomwe, njira imene RFC 2663 imaitchula kuti twice NAT, ndipo mayankho a DNS, dongosolo lomasulira mayina kukhala maadiresi, amayenera kusinthidwanso kuti dzina liloze ku adiresi yongobwerekayo. Njira yoyamba imapweteka kamodzi, pamene yachiwiri imapewa ululuwo koma imasiya netiweki imene chipangizo chimodzi chili ndi manambala awiri kapena atatu, ndipo wofufuza vuto usiku amayenera kukumbukira kuti waima mbali iti.

NAT ya kampani ya intaneti

Maadiresi ataperewera kwambiri, makampani a intaneti anayamba kuchitira makasitomala awo zimene rauta ya nthambi imachitira makompyuta ake. Njirayi imatchedwa CGNAT, ndipo mu Epulo 2012 chikalata cha RFC 6598 chinaipatulira chigawo chake, kuyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255, chimene chili ndi maadiresi 4,194,304. Makampani ambiri a mafoni a m'manja amagwiritsa ntchito njirayi, ndipo Starlink, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, imaika makasitomala ake wamba kuseri kwa CGNAT pa IPv4. Munthu akhoza kudziwa ngati nthambi yake ili m'gulu limeneli poyerekeza adiresi yakunja imene rauta ikuonetsa ndi imene masamba oonetsa adiresi pa intaneti akunena. Zikasiyana, ndiye kuti pali chipata chachiwiri kutsogolo.

Pamenepa paketi ya kalaliki imasinthidwa kawiri, ndipo kaundula wachiwiriyo ali m'manja mwa kampani. Mzere wokhazikika wolembedwa pa rauta ya nthambi sugwiranso ntchito, dynamic DNS imaloza ku adiresi imene makasitomala ambiri akugawana, ndipo chotsala ndi tanelo yoyambitsidwa kuchokera kunthambi, kapena kulipira adiresi yakeyake ngati kampani imagulitsa.

Mafunso amene akadalipo

Funso loyamba ndi lakuti kodi NAT ndi chitetezo kapena ayi. Ena amati popeza paketi yosaitanidwa imatayidwa pachipata, makompyuta a kunthambi amatetezeka ngakhale palibe amene anaganizapo za chitetezo, ndipo kwa ofesi yopanda katswiri zimenezi si zazing'ono. Ena amati kutayako kumangochitika chifukwa rauta yasowa kopereka paketi, kuti firewall, chotchinga chosefa mapaketi olowa ndi otuluka, imachita ntchito yomweyo popanda kusintha maadiresi, ndiponso kuti chiwembu chambiri masiku ano chimalowa kudzera mu uthenga umene munthu wa m'kati watsegula yekha, umene NAT imaulola mosakayika.

Funso lachiwiri ndi la kudziwa amene anachita chinthu. Seva ya kulikulu ikalemba kuti 203.0.113.5 inasintha lipoti, sizidziwika kuti ndi kompyuta iti mwa 30, pokhapokha rauta ikhale kuti inasunga mbiri ya kaundula wake pamodzi ndi nthawi yeniyeni. Pa CGNAT vutoli limakula, moti mu 2017 bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol linadandaula poyera kuti njirayi ikulepheretsa kufufuza milandu. Chikalata cha RFC 6302 cha mu 2011 chimalangiza eni maseva kuti azilembanso poti ya wotumiza ndi nthawi yolondola. Koma kusunga mbiri ya mzere uliwonse kumafuna malo ambiri, ndipo kumatanthauzanso kusunga mayendedwe a anthu osalakwa, choncho funso la utali wa nthawi yosungira ndi la amene ayenera kuloledwa kuona mbiriyo maiko amaliyankha mosiyanasiyana.

Funso lachitatu ndi la IPv6, dongosolo limene Egevang ndi Francis ankadikira. Linalembedwa koyamba mu Disembala 1995, linakonzedwanso mu 1998 ndi mu 2017, ndipo adiresi yake ili ndi mabiti 128, okwanira kupatsa chipangizo chilichonse cha kunthambi adiresi yakeyake yodziwika pa dziko lonse. Makampani akuluakulu anaiyatsa mokhazikika pa 6 Juni 2012, ndipo malinga ndi mawerengedwe a Google, ogwiritsa ntchito ake ofika kudzera pa IPv6 anapitirira 40 peresenti mu 2022, ngakhale kuti maiko ambiri a mu Africa ali pansi kwambiri pa mlingo umenewu. Ena amaona kuti NAT ndi imene yachedwetsa kusamukaku pochotsa changu, pamene ena amati popanda iyo intaneti sikanafika kwa anthu ochuluka chonchi pa mtengo umene inafikira. Ngakhale mu IPv6 kusintha maadiresi sikunatheretu: NAT64, ya mu 2011, imalola makompyuta a IPv6 kufikira maseva a IPv4, ndipo chikalata china choyesera cha chaka chomwecho chimafotokoza njira yosinthira chiyambi cha adiresi ya IPv6, chifukwa mabungwe ena safuna kuti manambala a m'kati mwawo azisintha nthawi iliyonse akasintha kampani ya intaneti. Kwa bungwe limene nthambi zake zina zili pa kampani yopereka IPv6 ndipo zina zili pa kampani imene sinayambe, funso limene latsala ndi lakuti liyendetse madongosolo awiri nthawi imodzi kwa zaka zingati, ndipo ndani adzalipire kusintha purintala ndi kamera zakale zimene zimangodziwa IPv4.